Kafukufuku wa za utsogoleri: kodi akuonadi zomwe zimachitika m'makampani a mu Blantyre?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, makamaka kwa inu amene munadutsamo kale. A supervisor andibwezera proposal. Mutu wanga unali woti ndione ngati utsogoleri wolimbikitsa anthu, uja amati transformational, umakweza ntchito m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba. Ndinakonza zogawa questionnaire kwa ogwira ntchito kenako ndilowetse mayankho mu SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala. Iwo angolemba pamwamba kuti yankho ndikulidziwa kale, ndiye ndikufufuza chiyani. Kodi vuto lili pati? Anzanga ambiri anachita zomwezi ndipo anavala gauni.

Yamikani: Achemwali, ine sindikuonapo vuto. Njira imeneyo ndi yodziwika dziko lonse. Burns analemba za utsogoleri wotere mu 1978, Bass anaukulitsa mu 1985, ndipo mafunso oyezera utsogoleri otchedwa MLQ omwe Bass ndi Avolio anakonza agwiritsidwa ntchito m'maiko ambirimbiri. Ingoonetsetsani kuti anthu ofunsidwa ndi okwanira, ndipo Cronbach, nambala yoonetsa ngati mafunso anu akugwirizana, apitirire 0.7. Mwina a supervisor akungofuna muwonjezere zolemba zatsopano mu chaputala chachiwiri.

Mayi Kamanga: Ndilowepo, poti ntchito yoyang'anira ophunzira ndimaigwira, ngakhale a Tadala si wophunzira wanga. A Yamikani, mbiriyo mwaifotokoza bwino, koma funso la a supervisor ndi lolemera kuposa kuwonjezera mabuku.

Taganizani zomwe zimachitika pepala lija likafika m'manja mwa munthu wa pamakina. Pamwamba mukumufunsa ngati bwana wake amamulimbikitsa. Pansi mukumufunsa ngati kampani ikuyenda bwino. Mayankho onse awiri akuchokera m'mutu umodzi, tsiku limodzi. Amene walandira malipiro pa nthawi yake achonga 5 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amene akudikirabe ndalama za ovataimu ya mwezi watha achonga 1 ndi 2. Kompyuta ikuuzani kuti utsogoleri ndi kayendedwe ka ntchito zikugwirizana kwambiri, pamene chomwe mwayeza ndi mmene mtima wa munthuyo udalili tsiku limenelo. Podsakoff ndi anzake adafotokoza vutoli mwatsatanetsatane mu 2003, ndipo n'chifukwa chake ofufuza odziwa ntchito amakayikira kafukufuku wotere.

Palinso china. Anthufe tikaona kampani ikupanga phindu timayamba kuona zabwino zokhazokha mwa bwana wake. Meindl ndi anzake adaonetsa mu 1985 kuti zinthu zikayenda bwino kwambiri kapena zikaipa kwambiri, anthu amathamangira kutamanda kapena kudzudzula mtsogoleri, ngakhale zifukwa zenizeni zikhale kwina. Rosenzweig mu 2007 adapereka chitsanzo cha Cisco, kampani ya zamakompyuta ya ku America. Mu 2000 olemba nkhani ankaitama kuti ili ndi mtsogoleri wanzeru ndiponso imamvera makasitomala. Chaka chotsatira msika utagwa, kampani yomweyo, yokhala ndi bwana yemweyo, idayamba kunenedwa kuti ndi yachipwirikiti. Ndiye mukapita pa fakitale yomwe ikupeza bwino ku Chirimba, ogwira ntchito adzakuuzani kuti bwana ndi wamasomphenya. Kodi masomphenyawo ndiwo abweretsa phindu, kapena phindu ndilo likumuonetsa bwanayo wamasomphenya? Questionnaire yanu singathe kusiyanitsa.

Tadala: Zikomo mayi. Apa ndayamba kumva. Koma ndiye tiziyeza bwanji? Makampani ambiri sangakupatseni mabuku awo a ndalama.

A Mbewe: Mwana wanga, ine sukulu yanu ya MBA sindinaiphunzire, koma ndinagwira ntchito mufakitale mpaka kupuma, ndipo mapepala otere ankafika pa tebulo langa kawirikawiri. Ndikuuze mmene ankayendera. Wophunzira amasiya envelopu pa geti kapena kwa sekilitale. Envelopu ipita kwa a HR, oyang'anira za ogwira ntchito. A HR aitana akapitawo n'kuwauza kuti gawani, mubweze pofika Lachisanu. Tsopano iwe ganiza. Munthu ali pa kontrakiti ya miyezi itatu, pepala wapatsidwa ndi kapitawo wake, libwerera kudzera kwa kapitawo yemweyo, ndipo funso ndi loti kodi bwana wako amakulemekeza. Ena ankakhala gulu nthawi ya nkhomaliro, mmodzi wodziwa Chingerezi n'kumawerengera anzake, onse n'kuchonga mofanana. Anthu athu si abodza ayi. Ali ndi ana kusukulu ndi lendi yolipira ku Ndirande, sangaike ntchito yawo pachiswe chifukwa cha digiri ya munthu wina.

Chomwe chinkandidabwitsa n'choti palibe amene ankapempha kukhala nawo pa msonkhano wathu wa Lolemba m'mawa. Pamenepo ndi pomwe zonse zinkagamulidwa: tigule zipangizo ziti, shifiti iti tiimitse, ngongole ya ndani tiyambe kulipira. Munthu akanangokhala pakona ndi kope, akanadziwa mtsogoleri wathu kuposa mapepala onse aja.

Madalitso: A Mbewe mwanena zoona, ine ndili ku HR ndipo maenvelopu amenewo ndimawalandira. Ndikufuna ndikankhire nkhaniyi ku mbali ya mapulani, chifukwa ophunzira amafunsanso kuti kodi bungwe lanu lili ndi strategic plan. Tikati eya, amachonga kuti bungweli limayendera ndondomeko. Pulaniyo ilipodi, ya zaka zisanu, yosindikizidwa bwino. Tinakailembera kunyanja ku Mangochi ndi consultant. Ili ndi masomphenya, SWOT (kuunika mphamvu, zofooka, mwayi ndi zoopseza), balanced scorecard (ndandanda yoyezera mmene ntchito ikuyendera), ndipo tsamba loyamba likunena kuti ikugwirizana ndi Malawi 2063. Koma chomwe chimalamula ntchito yathu mwezi ndi mwezi ndi kalata ya opereka thandizo. Iwo akasintha chidwi, ifenso timakhota. Pulani ija timaitulutsa mu kabati pakabwera ofufuza mabuku kapena tikamapempha ndalama. Zimandipweteka, chifukwa anzathu ogwira ntchito kumidzi anathirapo nzeru zenizeni polemba, ndipo mpaka lero sanaonepo chosintha.

Mayi Kamanga: A Madalitso, zimenezo ofufuza adaziona kalekale. DiMaggio ndi Powell mu 1983 adafunsa chifukwa chomwe mabungwe amafanana chonchi. Adapeza kuti ena amakakamizidwa ndi owapatsa ndalama kapena ndi malamulo, ena amatengera anzawo akasowa pogwira, ndipo ena amafanana chifukwa akatswiri awo adaphunzira zofanana. Andrews, Pritchett ndi Woolcock adalondola nkhaniyi m'maiko osauka n'kuonetsa kuti bungwe lingathe kukhala ndi maonekedwe onse a bungwe logwira ntchito, malamulo, mapulani, makomiti, pamene luso lochitira ntchitoyo silikukula.

Koma amene ndimafuna wophunzira aliyense amudziwe ndi Henry Mintzberg wa ku Canada. Iye adachita zomwe a Mbewe akunenazo. Adatsatira akuluakulu asanu a mabungwe, aliyense sabata imodzi, akulemba chilichonse chomwe akuchita, ndipo zotsatira adazitulutsa m'buku mu 1973. Mabuku a nthawi imeneyo ankati bwana amakhala pansi n'kumakonza mapulani mofatsa. Iye adapeza kuti theka la zochita zawo silinkafika mphindi 9, ndipo chimodzi chokha pa khumi chilichonse ndicho chinkapitirira ola. Lamya, wolowa, wotuluka, mphekesera za m'khonde. Pambuyo pake, mu 1985, iye ndi Waters adasiyanitsa njira yomwe bungwe lidakonzeratu ndi njira yomwe imaphuka yokha anthu akamalimbana ndi zokumana nazo. Mfundo yawo idali yoti ukafuna kudziwa njira yeniyeni ya bungwe, uyang'ane zomwe lakhala likuchita mobwerezabwereza.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Honda. Lipoti la 1975 la BCG, kampani ya alangizi a bizinesi, lidafotokoza kuti Honda idalanda msika wa njinga zamoto ku America chifukwa cha ndondomeko yokonzedwa mwanzeru. Richard Pascale adapita kukacheza ndi anthu enieniwo omwe adatumidwa ku Los Angeles mu 1959, ndipo zomwe adamva adazilemba mu 1984. Iwo adapita kukagulitsa njinga zikuluzikulu. Njingazo zidayamba kuchucha oilo ndi kufa ma clutch chifukwa anthu kumeneko amayenda maulendo ataliatali mothamanga. Tinjinga tating'ono ta 50cc tomwe iwo ankangoyendera pokagula zinthu ndi tomwe anthu adayamba kufunsa. Nzeru ya atsogoleri idali yoti adamvera zomwe anthu awo ankaona pamsika ndipo adalola kusintha.

Nachisale: Pepani ndikulowerera nkhani za ophunzira. Mlamu wanga ndi amene anandiika pagulu pano. Ine ndili ndi sitolo ya hardware ku Limbe, ya banja, anaiyamba ndi malemu bambo athu. Zomwe akunena mayi Kamangazo zandikhudza chifukwa ndi moyo wathu.

Mu November 2023 Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ife tinali ndi katundu panjira amene tinali tisanamalize kulipira. Usiku umodzi ngongole inakula, koma ndalama m'kabati zinali zomwezo. Anzathu ena anatseka masitolo masiku angapo kuti ayambe aona mitengo. Ife tinakhala pansi ndi achimwene ndi mayi athu. Achimwene ankafuna tikweze zonse nthawi yomweyo. Mayi anakana kuti amisiri omwe anatenga ma quotation sabata yapitayo tisawakwezere, chifukwa iwonso anapangana kale ndi eni nyumba. Tinaluzapo, koma amisiri amenewo mpaka lero sagula kwina. Kenako tinasiya kuoda matailosi ndi zinthu za m'bafa, poti forex kubanki timadikira osadziwa tsiku, tinatsamira pa simenti, misomali ndi zina zopezeka konkuno. Izi palibe anazilemba penapake.

Ndiponso musaiwale 2022. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, magetsi anavuta miyezi yambiri. Sitolo yathu sifuna magetsi ambiri, koma makasitomala athu akuluakulu ndi owotcherera zitsulo a ku Ndirande ndi ku Bangwe. Iwo akakhala osagwira ntchito, zitsulo ndi ma rod zimangokhala pa shelefu. Mu May chaka chomwecho Kwacha inagwanso ndi 25 peresenti. Ndiye wina akabwera ndi pepala lofunsa ngati ndili ndi pulani ya zaka zisanu, ndichonga kuti ayi, ndipo iye akalemba kuti mabizinesi ang'onoang'ono saganiza za mawa. Komatu timaganiza usiku ndi usana.

Tadala: Mayi Nachisale, zomwe mwalembazi ndaziwerenga kawiri. Ku ofesi kwathunso sabata imeneyo kunali misonkhano yosatha, ndipo bajeti ya chaka inangotayidwa pambali.

Yamikani: Ndamva zonse ndipo za kuchonga pagulu zija ndikuvomereza. Koma ndikuopa kuti tikuthawa manambala n'kuthamangira nkhani zokoma kumva. Nkhani ya Honda imakoma chifukwa Honda inapambana. Nanga makampani omwe anasintha njira pomvera mphekesera n'kugwa, anawalemba ndani? Mayi Nachisale, ndi ulemu wonse, mwina amisiri aja akanabwerabe ngakhale mukanakweza. Sitingadziwe pomva nkhani ya sitolo imodzi.

Manambala ochitidwa bwino alipo. Bloom ndi Van Reenen mu 2007 anafufuza makampani 732 ku America, Britain, France ndi Germany. Sanatumize mapepala ochonga. Ankacheza ndi mamenejala a mafakitale, kuwafunsa mafunso otseguka monga akuti makina akawonongeka mumatani, ndipo wofunsayo ndi amene ankapereka malikisi. Za phindu anazitenga padera m'mabuku a makampaniwo. Kenako Bloom ndi anzake anapita ku India, ku mafakitale oluka nsalu a kufupi ndi Mumbai. Anachita mayere. Mafakitale ena anawapatsa alangizi aulere kwa miyezi ingapo, ena anangowayeza basi. Zomwe ankaphunzitsa zinali zapafupi: kulemba nsalu iliyonse yowonongeka ndi chifukwa chake, kudziwa ulusi womwe uli m'nkhokwe, kusamalira makina asanafe, kuchotsa zinyalala pakati pa makina. Zotsatira zinatuluka mu 2013, ndipo ntchito inakwera ndi 17 peresenti m'chaka choyamba. Apo palibe kukangana kuti chinayamba n'chiyani.

Ku Lomé, ku Togo, ofufuza ena anachita mayere pa mabizinesi ang'onoang'ono 1,500. Omwe anaphunzitsidwa kudziyambira zinthu okha ndi kusakasaka njira zatsopano, phindu lawo linakwera ndi 30 peresenti. Omwe analandira maphunziro a masiku onse a kasungidwe ka mabuku ndi kutsatsa malonda linakwera ndi 11 peresenti, yomwe ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti si yamwayi chabe.

Ndipo konkuno zinachitikapo. Campos, Goldstein ndi McKenzie a ku World Bank anatenga mabizinesi osalembetsa pafupifupi 3,000 a mu Blantyre ndi Lilongwe. Atawathandiza kulembetsa mwaulere, pafupifupi 75 mwa 100 alionse analandira satifiketi. Koma satifiketi payokha siinasinthe malonda. Omwe anawonjezeredwa msonkhano ndi banki, n'kuthandizidwa kutsegula akaunti ya bizinesi, ndi omwe malonda awo anakwera ndi 20 peresenti, phindu ndi 15 peresenti. Zoterezi sungazidziwe pocheza ndi munthu mmodzi.

Mayi Kamanga: Apa ndiye mwalankhula, a Yamikani, ndipo sitikutsutsana. Onani kuti m'zitsanzo zanu zonse, chomwe chikuyezedwa ndi zochita zooneka, ndipo zotsatira zikuchokera kwina osati m'kamwa mwa wofunsidwayo. Wophunzira wa masters alibe ndalama zochitira mayere pa mafakitale. Koma mwambo womwewo angathe kuutsata ngakhale pa makampani anayi okha.

A Mbewe: Mphwanga Yamikani, za ku India zija zandikumbutsa zambiri. Kulemba chilichonse chowonongeka ndi chinthu chomwe ife tinachedwa kuyamba, ndipo titayamba tinaona kuti zambiri zinkachokera pa makina amodzi, shifiti ya usiku. Koma ndifunse. Ngati zinthuzo ndi zapafupi choncho, eni mafakitalewo ankalekeranji kuzichita?

Yamikani: Anawafunsa, bambo. Zina sanazimvepo n'komwe. Zina ankazidziwa koma sankakhulupirira kuti zingapindule, poti ankaona kuti nsalu yawo ikugulidwa ndithu. Chinanso chomwe ofufuzawo anaona n'choti eni ake sankapereka mphamvu kwa munthu yemwe si wachibale, poopa kuberedwa. Mwakuti kukula kwa kampani kunkatengera kuchuluka kwa abale aamuna odalirika oti angayang'anire fakitale. Ndipo mu kafukufuku wa 2007 uja, makampani a banja omwe utsogoleri umangopita kwa mwana wamwamuna woyamba anapezeka kuti amayendetsedwa moipa kuposa anzawo.

Nachisale: Apo ndiyankhepo. Kunena kuti tizilemba ntchito akatswiri m'malo mwa abale n'kosavuta. Ife tinayesapo kuika munthu wakunja kuti aziyang'anira nthambi ina. Katundu anasowa, ndipo mlandu unatenga nthawi yaitali mpaka tinangousiya. Wachibale akakubera pali ankhoswe, pali amalume, pali maliro omwe mudzakumanako, ndipo china chake chimabwerako. Sindikunena kuti n'zabwino. Ndikudziwa kuti n'chifukwa chake sitikula. Koma wofufuza asatione ngati anthu osadziwa. Tikusankha pakati pa zowawa ziwiri.

Za mwana woyambazo ndikugwirizana nazo. Kwathu mayi anagawa ntchito poona luso. Ine ndine wachitatu kubadwa koma zogula zonse zimadzera kwa ine.

Mayi Kamanga: Mayi Nachisale, zomwe mwanenazi zikufanana ndi mfundo ya Khanna ndi Palepu ya 1997. Nthawi imeneyo malangizo ochokera ku America adali oti kampani igwire chinthu chimodzi n'kuchidziwa bwino. Iwo adati malangizo amenewo amadalira zinthu zomwe kumeneko zilipo: makhoti ofulumira, mabanki obwereketsa mosavuta, njira zodziwira mbiri ya munthu usadamulembe ntchito. Kumene zoterezi zili zofooka, banja kapena gulu la makampani limatseka mipata imeneyo palokha. Onani Press Corporation konkuno. Ili ndi gawo mu National Bank, mu TNM, ndiponso m'mafakitale a ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Mwa mabuku ena zimenezo ndi kumwazika. Mwa Khanna ndi Palepu zili ndi chifukwa chake. Ndani akulondola pa nthaka yathu? Limenelo ndi funso lomwe yankho lake sitikulidziwa kale, ndipo makampani a pa Malawi Stock Exchange amatulutsa malipoti awo chaka ndi chaka, aliyense angathe kuwerenga.

Madalitso: Nanga za umunthu, mayi? Olemba ngati Mbigi ndi Mangaliso anati ife a mu Africa tili ndi njira yathu yotsogolera, yoika munthu patsogolo. Ine ndimaiona. Bwana amene amapita kumaliro a mwana wa mlonda, amene amapereka galimoto ndi bokosi, anthu amamugwirira ntchito ndi mtima wonse. Mafunso a MLQ alibe funso la maliro.

Mayi Kamanga: Alibedi, ndipo ndi mpata weniweni. Dziwaninso kuti zomwe ophunzira amakopera zokhudza chikhalidwe cha mu Africa zidaima pa maziko opyapyala. Hofstede adatenga mayankho a ogwira ntchito ku IBM, ndipo Ethiopia, Kenya, Tanzania ndi Zambia adaziphatikiza ngati dera limodzi. Kafukufuku wa GLOBE wa 2004, wa za chikhalidwe ndi utsogoleri, adafika m'magulu 62 a anthu a m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Zambia, Zimbabwe, Namibia, Nigeria ndi South Africa, koma Malawi mulibe.

Komabe ndikuchenjezeni. Umunthu tisamangoutama, tiufufuze. Bwana yemweyo wopereka bokosi angathe kukhala amene palibe angamuuze kuti walakwitsa, chifukwa aliyense ali naye ngongole ya chifundo. Amy Edmondson, pofufuza m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, ankayembekeza kuti magulu a anamwino okhala ndi atsogoleri abwino azikhala ndi zolakwa zochepa popereka mankhwala. Adapeza kuti magulu amenewo ndiwo adali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atalondola bwino adaona kuti iwo ankanena poyera akalakwitsa, pamene m'magulu a atsogoleri oopsa anthu ankabisa. Mukadangowerenga manambala mukadalanga gulu labwino.

A Mbewe: Mayi, pamenepo mwakhudza chilonda. Ndinene nkhani imodzi, kampani sinditchula. Tinali ndi makina aakulu omwe mzere wonse unkadalira. Mnyamata woyendetsa makinawo anamva kuti beringi yasintha kalilidwe. Anauza kapitawo. Kapitawo anadziwa kuti beringiyo ndi yooda kunja ndipo bwana wamkulu anali atangokalipa pa msonkhano kuti asamvenso za kugula zinthu mwezi umenewo. Ndiye anauza mnyamata uja kuti azithira girisi. Nkhani inafika kwa injiniya patapita masabata, yofewetsedwa kale, yoti makina akufuna kuonedwa nthawi ina. Kwa bwana wamkulu siinafike. Makina atafa, shaft inapindika, ndipo tinaima nthawi yaitali kudikira chitsulo chodzera ku Mwanza. Anthu a kontrakiti anatumizidwa kunyumba, kuphatikizapo mnyamata yemwe anayamba kumva uja.

Bwana ameneyo sanali woipa. Maliro ankapita, sukulu fizi ankabwereketsa. Mukanagawa questionnaire akanapeza 5 yekhayekha. Koma nkhani yoipa inkaopa kukwera masitepe opita ku ofesi yake. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya yoyamba ya mtsogoleri ndi kumva zomwe sakufuna kumva kuchokera kwa munthu wamng'ono. Ngati mwana wathuyu akufuna kuthandiza mafakitale a ku Makata, afufuze zimenezo.

Tadala: Bambo Mbewe, mayi Kamanga, ndayesa kulemba mutu wina pamene mumalankhulamu. Ndikufuna ndione mmene uthenga woipa umayendera kuchoka pansi kufika kwa ogamula, ndi mmene zimenezo zinakhudzira zomwe makampani anachita Kwacha itagwa mu November 2023. Tsikulo ndi limodzi kwa onse, vuto ndi limodzi, ndiye ndingathe kufananiza. Nditenge makampani ochepa, ndilondole kuti ndani anadziwa chiyani, anauza ndani, ndipo chinagamulidwa n'chiyani. Zikumveka?

Yamikani: Zikumveka kuposa poyamba, achemwali, koma zinthu ziwiri. Choyamba, anthu akamakumbukira amakonza nkhani. Bwana aliyense adzakuuzani kuti iye anaziona zikubwera. Musadalire pakamwa pokha. Pemphani mindandanda ya mitengo ya isanagwe ndi itagwa, mabuku a maoda, maminitsi a misonkhano, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp ngati angalole, chifukwa ali ndi tsiku ndi ola. Chachiwiri, musatenge makampani opulumuka okhaokha. Pezani imodzi yomwe inatseka kapena kuchepetsa anthu kwambiri. Apo ayi mudzangolemba kuti opulumuka anali anzeru, zomwe mayi Kamanga anatichenjeza kumayambiriro.

Mayi Kamanga: Zonse ziwiri ndi zofunika. Ndiwonjezere za chitetezo cha anthu. Mutu uwu ungathe kuchotsetsa munthu ntchito. Musadayambe, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku kusukulu kwanu. Ogwira ntchito apansi musacheze nawo mkati mwa mpanda wa fakitale, ndipo asasankhidwe ndi a HR. Polemba, kubisa dzina lokha sikokwanira. Blantyre ndi wamng'ono. Mukanena kuti kampani yopanga chakutichakuti ku Chirimba, aliyense adziwa, ndipo mukanena kuti woyendetsa makina wa shifiti ya usiku, bwana wake amudziwa. Ndipo chezani nawo m'Chichewa. Munthu amafotokoza mantha ake bwino m'chinenero chomwe amalankhula kunyumba.

Kampani yomwe mukugwirako ntchito musaiike m'gululi. Anzanu sangakuuzeni zoona podziwa kuti mawa mukhala pa tebulo limodzi ndi bwana.

Madalitso: Ndipo mukamaliza, zotsatira mudzazibweretse kwa anthu omwe munacheza nawo, ngakhale masamba awiri okha. Ife timathandiza ophunzira chaka ndi chaka koma sitimva chomwe anapeza. N'chifukwa chake mabwana ena anayamba kukana.

A Mbewe: Ya kampani yotseka ija usavutike nayo, mwana wanga. Timakumana ndi anzanga opuma ntchito kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo ena ana awo anachotsedwa ntchito nthawi imeneyo. Ndiyamba ndawafunsa ngati angalole, ndisanakupatse nambala ya munthu aliyense.

Tadala: Zikomo kwambiri bambo. Mayi Nachisale, sitolo yanu si fakitale, koma ndikanakonda ndiyambire kwa inu kuti ndiyese mafunso anga. Mungandilole?

Nachisale: Bwerani, koma osati Lolemba kapena Loweruka, timakhala tikutsitsa katundu. Lachitatu masana kumakhala bata. Mabuku a 2023 ali ndi achimwene, ndiyenera ndiyambe ndakambirana nawo, ndipo mwina mitengo yomwe timagulira sangakuonetseni. Mindandanda ya mitengo yogulitsira ndili nayo ine. Mudzachezenso ndi mnyamata wa pa kauntala payekha, ine ndisakhalepo, chifukwa amisiri akamadandaula amayamba kuuza iyeyo.